Kaphikidwe ka mkaka wa chikasu monga amachitira m'makomo a ku India

M'makomo ambiri a ku India, mwana akanyowa ndi mvula n'kuyamba kuyetsemula, kapena munthu wamkulu akagwa n'kutupa mwendo, mayi kapena agogo a pakhomopo amatereka mkaka pamoto, amathiramo ufa wa chikasu pang'ono, kenako amam'patsa wodwalayo kuti amwe ukadali wofunda asanapite kukagona. Olankhula Chihindi amachitcha chakumwachi haldi doodh, olankhula Chitamil kummwera kwa dzikolo amati manjal paal, ndipo m'zaka zaposachedwapa malo omwera khofi a ku London ndi ku New York ayamba kuchigulitsa pa mtengo wokwera atachipatsa dzina loti golden milk. Kaphikidwe kake n'kosavuta, koma pali zinthu zingapo zimene munthu akaziphonya amatsala ndi kapu ya mkaka wowawa umene ngakhale mwana womvera sangaumalize, kapenanso amamwa zinthu zoika thanzi lake pachiswe iye akuganiza kuti akudzithandiza.

Chikasu chimene tikunena pano ndi muzu wa chomera chotchedwa Curcuma longa, chomwe ndi cha mtundu umodzi ndi jinja, ndipo pa mapaketi a m'masitolo chimalembedwa kuti turmeric. Dziko la India ndi limene limalima chikasu chochuluka kuposa dziko lina lililonse, ndipo mizinda ya Erode, Sangli ndi Nizamabad ndi yotchuka chifukwa cha misika yake ikuluikulu ya mbewu imeneyi. Asing'anga a Ayurveda, imene ndi njira yamakolo ya ku India yosamalira thanzi, akhala akuchigwiritsa ntchito kuyambira kalekale pa zilonda, pa matenda a pakhungu ndi pa mavuto a m'mimba. Mu 1995 ofesi ya ku America yoteteza umwini wa luso latsopano inapereka chiphaso ku University of Mississippi Medical Center chonena kuti kuchiza zilonda ndi chikasu ndi nzeru yongotulukira kumene, koma bungwe la boma la India loona za kafukufuku wa sayansi, la CSIR, linatsutsa zimenezo posonyeza zolembedwa zakale, ndipo chiphasocho chinathetsedwa mu 1997.

Mfundo imene iyenera kukhala m'maganizo mwa aliyense wofuna kuyesa chakumwachi ndi yakuti mkaka wa chikasu ndi chakudya cha m'khitchini, ndipo ubwino wake watsamira pa kuchepa kwa muyezo wake. Agogo a ku India sathira chikasu chodzaza supuni yaikulu, amangotapa pang'ono. Amene amaganiza kuti akachulukitsa ndiye kuti achira msanga ndi amene nthawi zambiri amakumana ndi mavuto.

Kusankha chikasu

Chikasu chimagulitsidwa chili chachiwisi, chili chouma chathunthu, kapena chili ufa, ndipo ufawo ndi umene anthu ambiri amaupeza mosavuta m'masitolo akuluakulu ndi m'masitolo a amwenye. Chinthu choyamba kusamala ndi kusasokoneza ufa wa chikasu ndi ufa wa curry. Ufa wa curry uli ndi chikasu, n'chifukwa chake umaoneka wofanana nacho, koma ulinso ndi tsabola wowawa ndi zokometsera zina za ndiwo, nthawi zina ndi mchere womwe, ndipo zimenezi sizigwirizana ndi mkaka ngakhale pang'ono. Werengani zolembedwa pa paketi ndipo mutsimikize kuti chinthu chimodzi chokha ndi chimene chatchulidwa.

Nkhani yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyamba. Kafukufuku amene akatswiri a ku Stanford University ndi a bungwe lofufuza za umoyo la icddr,b la ku Dhaka anatulutsa mu 2019 anasonyeza kuti ena mwa amalonda opukuta mizu youma ya chikasu ku Bangladesh ankaipaka utoto wa m'mafakitale wokhala ndi mtovu, wotchedwa lead chromate, n'cholinga choti mizuyo iziwala ndi kukopa ogula. Mtovu umawononga ubongo wa ana aang'ono, umavulaza mwana amene ali m'mimba, ndipo palibe muyezo wake umene tinganene kuti ndi wabwino m'thupi la munthu. Akuluakulu oona za chakudya ku Bangladesh anachitapo kanthu mwamphamvu ndipo mchitidwewo unachepa kwambiri, koma kafukufuku wotsatira anapeza vuto lomweli m'misika ina ya ku India ndi ku Pakistan. Popeza ufa wa chikasu umayenda ulendo wautali usanafike pa shelefu ya sitolo, ndi nzeru kupewa ufa wogulitsidwa m'timapepala topanda dzina la woupanga, ndiponso kukayikira mizu youma yowala mopitirira, imene ikakhudzidwa imasiya utoto wowala pa zala nthawi yomweyo. Muzu wouma wosapakidwa kanthu umakhala wotuwira kunja, ndipo mtundu wake weniweni umaoneka ukathyoledwa.

Pali njira ya pakhomo imene bungwe loona za chakudya ku India, la FSSAI, limaphunzitsa yoyesera ngati ufa uli ndi utoto wowonjezera. Thirani supuni yaing'ono ya ufawo mu galasi la madzi ndipo muusiye osatakasa. Ufa weniweni umatsikira pansi pang'onopang'ono n'kusiya madzi achikasu motuwira, pamene ufa wothiridwa utoto umasintha madzi onse msanga n'kukhala achikasu kwambiri. Njirayi imathandiza kuzindikira utoto wosungunuka m'madzi, koma siingakutsimikizireni kuti mulibe mtovu, chifukwa zimenezo zimafuna zipangizo za ku labotale.

Pa chifukwa chimenechi, muzu wauwisi ndi umene ine ndimauona kuti ndi wodalirika kuposa zonse, makamaka ngati mwaulima nokha kapena mwaugula kwa mlimi amene mukumudziwa. Chomerachi chimakonda malo ofunda a chinyezi ndi nthaka yosasunga madzi, chimabzalidwa podula tizidutswa ta muzu tokhala ndi maso, ndipo chimakumbidwa patatha miyezi 7 mpaka 9, masamba akayamba kuuma. Wofuna kupanga ufa wake atsuke mizuyo, aiwiritse kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi kufikira itafewa ndi kuyamba kutulutsa fungo lake, kenako aiyanike padzuwa kwa masiku 10 mpaka 15, kufikira itauma moti ikathyoledwa imalira. Kuidula tizidutswa tating'ono musanaiyanike kumafulumizitsa ntchitoyi. Ikauma isinjeni mu mtondo ndi kuisefa ndi sefa wa timabowo tating'ono, podziwa kuti mtondo ndi munsi zidzakhala zachikasu kwa nthawi yaitali.

Mkaka woyenera

Gwiritsani ntchito mkaka wosachotsedwa mafuta. Ku India m'makomo ambiri amamwa mkaka wa njati zoweta, umene uli ndi mafuta ochuluka kuposa wa ng'ombe, ndipo mafutawo ali ndi ntchito yake imene tifotokoze kutsogoloku. Mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi umakwanira bwinobwino. Ngati ndi wongokama kumene, wogula kwa mlimi kapena kwa ogulitsa oyenda pa njinga, uyenera kuwira ndithu usanamwedwe, chifukwa mkaka wosawiritsa ungathe kupatsira anthu chifuwa chachikulu chochokera ku ng'ombe ndi matenda ena. Mkaka wa ufa nawonso ndi wabwino ukasungunulidwa motsatira malangizo a pa chitini, koma ufa woyera wothira mu tiyi umene umapangidwa ndi mafuta a zomera ndi shuga si mkaka, ndipo ulibe zomanga thupi zimene mukufuna. Chambiko sichiyenera pa ntchito imeneyi chifukwa chikatenthedwa chimaphwanyika n'kulekana ndi madzi ake.

Anthu ambiri akuluakulu mkaka umawatupitsa m'mimba kapena kuwatsegula, chifukwa matupi awo sagaya bwino shuga wa mu mkaka. Oterewa angagwiritse ntchito mkaka wa soya kapena wa kokonati, ndipo kaphikidwe kake n'komweko.

Kaphikidwe kake

Pa munthu mmodzi mufunika kapu imodzi ya mkaka, ya mamililita 250, kota mpaka theka la supuni ya tiyi ya ufa wa chikasu, tsabola wakuda wongotapa ndi zala ziwiri, ndi masupuni atatu kapena anayi a madzi obwezera amene adzauluke pamoto. Amene akuyamba kumene ayambe ndi kota ya supuni, chifukwa chikasu chili ndi fungo la dothi ndi kuwawa kwina kumene lilime limatenga nthawi kuti likuzolowere. Supuni ikhale yosalaza pamwamba, osati yotumphuka.

Sankhani poto wokhuthala pansi ndipo muyambe mwamutsukuluza ndi madzi ozizira osamupukuta, chifukwa timadzi totsalato timathandiza kuti mkaka usamatirire ndi kupserera. Musathire ufa wa chikasu mu mkaka wotentha mwachindunji. Usakanizeni kaye mu kapu ndi madzi aja kapena ndi mkaka wozizira pang'ono, monga timachitira ndi ufa wa phala pofuna kupewa mibulu, ndipo mukaona kuti wasalala muuthire mu poto pamodzi ndi mkaka wonse. Terekani pa moto wochepa ndipo muzitakasa. Mkaka ukayamba kuchita thovu m'mbali mwa poto n'kufuna kukwera, chepetsani moto, ndipo ngati mukuphikira pa mbaula chotsani makala ena kapena sendezani potoyo pambali, kenako muusiye uziwira pang'onopang'ono kwa mphindi 5 mpaka 8. Musachoke pamalopo, chifukwa mkaka susowa nthawi yaitali kuti usefukire.

Mphindi zimenezi ndi zimene anthu ambiri amazidumpha, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa chakumwa chokoma ndi chosamweka. Ufa wa chikasu wongothiridwa mu mkaka wofunda umamveka ngati fumbi pa lilime ndipo umawawa. Ukaphikidwa pang'ono fungo lake laliwisi limatha, mtundu wa mkaka umasintha kuchoka pa chikasu chotuwa n'kukhala wozama, ndipo mafuta a mu mkaka amapeza mpata wotenga zofunika za mu ufawo. Tsabola wakuda athiridwe kumapeto, patatsala mphindi imodzi kuti muphule, ndipo ndi bwino kukhala ndi njere zake zathunthu n'kuphwanya ziwiri kapena zitatu panthawiyo, chifukwa tsabola wopera kale amataya mphamvu akakhalitsa. Tsabola amene akunenedwa apa ndi wa njere zakuda zozungulira, osati kambuzi kapena tsabola wina wa m'ndiwo.

Ngati muli ndi muzu wauwisi, dulani kachidutswa ka masentimita 2 kapena 3, palani khungu lake ndi supuni, ndipo mukapere kapena kukaphwanya mu kamtondo. Muzu wauwisi umafuna mphindi 10 pamoto, ndipo mkaka wake uyenera kusefedwa usanamwedwe. Kukoma kwake n'kopepuka ndipo sikuwawa ngati kwa ufa, choncho ana ndi anthu amene sakonda fungo lamphamvu amaulandira mosavuta.

Zowonjezera zina zimasiyana malinga ndi dera ndiponso banja. Kumpoto kwa India ambiri amathiramo theka la supuni ya ghee, amene ndi mafuta a mkaka osungunula ndi kuyenga, makamaka akamapatsa munthu wovulala kapena mayi amene wangobereka kumene. Ena amathiramo sinamoni kapena njere yophwanya ya chokometsera chotchedwa cardamom. Jinja amathandiza pa chimfine, koma jinja wamuwisi akathiridwa mu mkaka umene ukungoyamba kufunda angathe kuuphwanya, chifukwa ali ndi zinthu zimene zimaundanitsa mkaka. Njira yake ndi kumuwiritsa kaye payekha m'madzi pang'ono kwa mphindi 2 kapena 3, kenako n'kuthiramo mkaka, kapena kugwiritsa ntchito jinja wouma wa ufa. Mandimu asayandikire m'pang'ono pomwe.

Zotsekemera zithiridwe mutaphula. Amwenye ambiri amagwiritsa ntchito shuga wa nzimbe wosayenga wotchedwa gur, amene nayenso amaphwanya mkaka akathiridwa ukuwira, pamene a m'dera la Tamil Nadu, kummwera kwa India, amakonda shuga wochokera ku mitengo ya kanjedza. Shuga wamba, supuni imodzi yaing'ono, ndi wokwanira. Ngati mwasankha uchi, dikirani kuti mkaka uzizire kufikira pamene mungathe kugwira kapu m'manja osapsa. Chiphunzitso cha Ayurveda chimaletsa kutenthetsa uchi, ndipo ngakhale munthu atapanda kutsatira chiphunzitsocho, kutentha kwambiri kumachotsa fungo labwino la uchi. Kummwera kwa India amaziziritsa mkaka pouthira kuchoka mu kapu ina kupita mu inzake kangapo atakweza dzanja, ndipo zimenezi zimausakaniza bwino ndi kuupatsa thovu. Pomwa muzigwedeza kapu kapena kutakasa ndi supuni, popeza ufa wina umatsikira pansi.

Chifukwa chake mafuta ndi tsabola zili zofunika

Chimene chimapatsa chikasu mtundu wake ndi mankhwala achilengedwe otchedwa curcumin, amene asayansi awiri, Vogel ndi Pelletier, anawapatula koyamba mu 1815. Mu ufa wamba curcumin amakhala wochepa, magawo 2 mpaka 5 pa 100 aliwonse, ngakhale kuti mtundu wa Lakadong wolimidwa m'dera la Meghalaya, kumpoto chakum'mawa kwa India, umadziwika ndi kukhala ndi wochulukirapo. Curcumin sasungunuka m'madzi koma amasungunuka m'mafuta, ndipo akalowa m'mimba, matumbo ndi chiwindi zimamusintha msanga n'kumutulutsa, moti wofika m'magazi amakhala wochepa zedi. Apa ndi pamene mkaka wamafuta umaposera madzi.

Tsabola wakuda ali ndi piperine, amene amachedwetsa ntchito ya chiwindi ndi matumbo yochotsa curcumin. Kafukufuku wa ku St John's Medical College mu mzinda wa Bangalore, amene anatuluka mu 1998, anapeza kuti anthu amene anamwa magalamu 2 a curcumin pamodzi ndi mamiligalamu 20 a piperine anali ndi curcumin wofika m'magazi wochuluka pafupifupi ka 20 kuposa amene anamwa curcumin yekha. Ogulitsa makapisozi a curcumin amakonda kutchula kafukufukuyu, koma sanena kuti anachitika pa anthu ochepa ndiponso kuti muyezo wa curcumin umene unagwiritsidwa ntchito ndi wochuluka kutalitali kuyerekeza ndi umene uli mu kapu ya mkaka. Sanenanso kuti piperine amachedwetsa momwemonso kuchotsedwa kwa mankhwala ena a kuchipatala. N'chifukwa chake tsabola wongotapa ndi zala ndi wokwanira, ndipo kumuchulukitsa si nzeru.

Muyezo ndi nthawi yomwera

Mwambo wake ndi kumwa usiku, patatha nthawi munthu atadya chakudya chamadzulo, ndipo nthawi zambiri amwenye amaumwa m'nyengo yozizira kapena pamene wina wagwidwa ndi chimfine, osati chaka chonse mosalekeza. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utabuka, unduna wa AYUSH, umene umayang'anira njira zamakolo zochizira ku India, unalangiza anthu kumwa theka la supuni ya tiyi ya chikasu mu mamililita 150 a mkaka wotentha kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo chaka chomwecho kampani ya mkaka ya Amul inayamba kugulitsa haldi doodh wa m'zitini. Malangizowo anali a kudzisamalira chabe, ndipo palibe umboni woti chakumwachi chimateteza munthu ku COVID-19, koma muyezo umene anatchula ndi woyenera kuutsatira ngati malire.

Tingaone zimenezi powerengetsa. Komiti ya akatswiri ya mabungwe a United Nations a FAO (la chakudya ndi ulimi) ndi WHO (la zaumoyo) yoona za zothira mu zakudya inaika malire a curcumin pa mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi la munthu pa tsiku, kutanthauza kuti munthu wolemera makilogalamu 60 asapitirire mamiligalamu 180. Theka la supuni ya tiyi ya ufa limalemera pafupifupi galamu imodzi ndi theka, ndipo ngati ufawo uli ndi magawo 3 pa 100 a curcumin, ndiye kuti mu kapu imodzi muli mamiligalamu pafupifupi 45. Kapu imodzi kapena ziwiri pa tsiku zili kutali ndi malirewo. Kapisozi mmodzi wa m'masitolo a mankhwala, kumbali inayo, angathe kukhala ndi mamiligalamu 500 a curcumin woyengedwa, nthawi zambiri atasakanizidwa ndi piperine. Ku Italy mu 2019 anthu angapo anadwala kutupa kwa chiwindi atamwa makapisozi otere, ndipo mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku Australia, la TGA, linachenjeza za vuto lomweli, koma linanena kuti chiopsezocho sichikuoneka kuti chikukhudza chikasu chodyedwa pa muyezo wa chakudya. Choncho musatsegule kapisozi n'kumukhuthulira mu mkaka poganiza kuti mukuwonjezera mphamvu ya chakumwa cha agogo.

Kodi ndiye munthu ayembekezere chiyani? Chakumwa chofunda chimafewetsa pakhosi powawa ndipo chimachepetsa kukhosomola kwa usiku kwa kanthawi. Kapu ya mkaka imapereka magalamu pafupifupi 8 a zomanga thupi ndi mamiligalamu pafupifupi 300 a kashiamu, zomwe n'zothandiza kwa wodwala amene alibe chilakolako cha chakudya. Ku labotale curcumin waonetsa mphamvu yochepetsa kutupa, ndipo mayeso ena aang'ono pa anthu a nyamakazi ya m'mawondo anasonyeza kuti ululu unachepako, koma mayesowo anagwiritsa ntchito curcumin woyengedwa, osati mkaka. Zimene zimafalitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook, zoti mkaka wa chikasu umachiza khansa, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV, zilibe umboni, ndipo munthu amene wasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga wotere akusewera ndi moyo wake.

Amene ayenera kusamala

Mwana wosakwana miyezi 6 ayenera kuyamwa bere lokha, ndipo wosakwana chaka asapatsidwe mkaka wa ng'ombe ngati chakumwa, komanso asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa uchi ungathe kukhala ndi tizilombo topanga poizoni wofooketsa minofu ya khanda. Mwana woposa chaka angapatsidwe theka la kapu lokhala ndi chikasu chongotapa ndi zala. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa angamwe pa muyezo wa chakudya, koma apewe makapisozi, ndipo iwo ndi amene ayenera kusamala kwambiri za gwero la ufa wawo chifukwa cha nkhani ya mtovu ija.

Anthu amene ali ndi miyala mu ndulu asamwe chakumwachi popanda kufunsa dokotala, chifukwa curcumin amachititsa kuti kathumba ka ndulu kadzifinye, ndipo zimenezi zingayambitse ululu waukulu. Amene anadwalapo miyala ya mu impso achepetse, popeza chikasu chili ndi oxalate wambiri, yemwe ndi chimodzi mwa zinthu zopanga miyalayo. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, afunse kaye kuchipatala, ndipo amene akuyembekezera opaleshoni adziwitse dokotala wawo ngati amamwa chikasu tsiku ndi tsiku. Odwala matenda a shuga amwe osathira shuga kapena uchi. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a chifuwa chachikulu, amene ena mwa iwo amalemetsa kale chiwindi, afotokozere wachipatala asanachisandutse chizolowezi.

Mkaka pawokha nawo umalimbana ndi mankhwala ena. Kashiamu wake amachepetsa kulowa m'thupi kwa mapiritsi owonjezera magazi, ndiponso kwa mankhwala opha tizilombo monga ciprofloxacin ndi tetracycline, choncho pakhale mpata wa maola osachepera 2 pakati pa mankhwalawo ndi kapu ya mkaka.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira kuti tione ngati mkaka uthandize. Kutentha thupi m'madera a udzudzu kumafuna kuyezetsa malungo tsiku lomwelo. Chifuwa chimene chatha milungu 2, makamaka chikamatsagana ndi kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, chimafuna kuyezetsa makhololo. Mwana amene akupuma mofulumira kapena mobanika angakhale ndi chibayo ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala. Ndipo ngati munthu amene amamwa chikasu wayamba kuchita nseru yosatha, mkodzo wake wada, kapena maso ake asintha mtundu, asiye nthawi yomweyo ndi kukaonana ndi dokotala.

Kusunga ndi kutsuka

Mkaka wa chikasu umakoma ukangophikidwa, ndipo wotsala usakhale panja kupitirira maola 2. Mu firiji ungakhale tsiku limodzi kapena awiri, koma uyenera kutenthetsedwanso bwino usanamwedwe. Amene amamwa kawirikawiri angakonzeretu chosakaniza chouma: masupuni a tiyi 8 a ufa wa chikasu, 2 a jinja wouma, imodzi ya sinamoni ndi theka la supuni ya tsabola wakuda, zonse mu botolo louma lotseka bwino, n'kumatapamo theka la supuni pa kapu iliyonse. Ena amaphika ufa wa chikasu ndi madzi mpaka utalimba n'kumausunga kuti azitapa, koma umenewu umafuna firiji ndipo suyenera kupitirira sabata imodzi, choncho pakhomo pamene magetsi amazimazima chosakaniza chouma ndi chimene chili chodalirika. Botolo lisungidwe pamalo amdima ndi ouma, kutali ndi moto, chifukwa kuwala kumawononga curcumin, ndipo ufa umene watha fungo kapena wagwirana chifukwa cha chinyezi utayidwe.

Chikasu chimathimbiritsa makapu apulasitiki, mithiko ndi nsalu, choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito kapu yagalasi kapena yachitsulo ndi kuitsuka mukangomaliza kumwa. Chikadonthera pa chovala, chitsukuluzeni ndi madzi ozizira musanapake sopo. Banga lachikasu likakumana ndi sopo limasanduka lofiira, ndipo zimenezi siziyenera kukudetsani nkhawa, chifukwa curcumin amasintha mtundu akakumana ndi zinthu za mtundu wa soda. Chapani monga mwa nthawi zonse, tsukuluzani bwino, kenako yanikani chovalacho padzuwa lamphamvu banga litayang'ana kumwamba, ndipo ngati silinathe tsiku loyamba muchapenso n'kuyanikanso mawa lake.